KUFAFANIZA NAYO NDI NCHITO



Tikamakamba za makompyuta, kawirikawiri timalimbikitsa kusunga. Timati munthu wanzeru amalemba kope laciwiri la zonse zimene ali nazo m'makina ake ndi kulisunga kwina, pakuti makina amaonongeka, mbala zimathyola maofesi, ndipo moto susankha cotentha. Kope laciwirilo ndi limene anthu a nchito imeneyi amati backup. Uphungu umenewo ndi wabwino, ndipo sindidzaucotsera kanthu. Koma lero ndifuna kuti tiyang'ane mbali ina ya nkhaniyi, imene ambiri saiganizira kufikira itawagwera: nanga tsiku likafika lakuti makope aja acotsedwe, nchitoyo imayenda motani?

Mwina wina anganene kuti, "Kodi pamenepo pali nchito? Si kungodina batani cabe?" Iai, anzanga. Kufafaniza nayo ndi nchito, yofuna dongosolo ndi kudekha monga kusunga komwe, ndipo ikalakwika pamapweteka anthu osalakwa.

Tiyeni tiyerekeze motere. Kampani ina ya mu Lusaka imasungira makope mabungwe ambiri: masukulu, zipatala, masitolo ndi ena otero. Pakati pa makasitomala ake pali bungwe la alimi la ku Katete. Usiku uliwonse makina a bungwelo amatumiza ku Lusaka kope la mabuku ake: maina a mamembala, manambala a zitupa zao, ngongole za feteleza, ndi ndalama zimene aliyense analandira atagulitsa mbeu. Patapita zaka zingapo, bungwelo laganiza zokasungitsa kwina. Tsono kampani ija ili ndi zinthu zitatu zofunika kucita. Iyenera kucotsa zonse za alimiwo, pakuti ilibenso cifukwa cokhalira nazo. Iyenera kubweza malo amene zinthuzo zinatenga, pakuti malo a m'makina amagulidwa ndi ndalama. Ndipo iyenera kucita ziwirizi popanda kukhudza ngakhale cilembo cimodzi ca makasitomala ena. Zimene ndinene lero zimagwiranso nchito pamene ofesi yangopumitsa kompyuta imodzi yakale, popeza m'mapulogramu osungira makope, kompyuta iliyonse yotumiza makope imawerengedwa monga kasitomala payokha.

Kuti timvetse bwino, tiyenera kudziwa kuti makope amakhala m'malo awiri. Ganizirani depoti yosungira cimanga. Kuli shedi kumene matumba aunjikidwa, ndipo kuli buku la kalaliki, m'mene mwalembedwa kuti thumba lakutilakuti ndi la uje, linabwera tsiku lakuti, ndipo lili pa mulu wakuti. Momwemonso m'makina. Shedi ndiyo madisiki ndi matepi m'mene muli zolembedwa zenizenizo. Buku la kalaliki ndilo kaundula, amene amasungidwa m'cimene amati database. Kaundulayo amakula modabwitsa, cifukwa failo iliyonse ya kasitomala aliyense, nthawi iliyonse imene yakopedwa, imalandira mzere wake. Shedi yopanda buku ndi mulu wa matumba osadziwika mwini. Buku lopanda shedi ndi mndandanda wa zinthu zimene kulibe. Cotero wocotsa ayenera kucotsa konsekonse, ndipo ziwirizi ziyenera kugwirizana nchito ikatha.

Koma asanakhudze ciliconse, pali mafunso ofunika kuyankha. Akulu anati safunsa anadya phula.

Funso loyamba ndi ili: ndani walamula? Lamulo lofafaniza liyenera kubwera m'kalata yosainidwa ndi munthu amene ali ndi udindo m'bungwelo, osati pa lamya, ndiponso osati kucokera kwa wanchito wamba amene mwina wakwiya ndi akulu ake. Laciwiri: kodi mwini zinthu walandira kope lake, ndipo walitsegula ndi kuona kuti likuwerengeka? Kope limene silinayesedwe ndi lonjezo cabe. Lacitatu: kodi malamulo akuti bwanji? M'caka ca 2021 Nyumba ya Malamulo ya dziko lino inakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu, la Data Protection Act, limene linapatsa munthu ufulu wopempha kuti zolembedwa zonena za iye zifafanizidwe. Komabe alipo malamulo ena olamula kusunga. Mwacitsanzo, a misonkho amafuna kuti mabuku a malonda asungidwe kwa zaka 6, ndipo ngati pali mlandu m'khoti, kufafaniza mapepala okhudza mlanduwo ndi kuononga umboni. Motero wofafaniza amayenda pakati pa maenje awiri: kusunga mopitirira nthawi ndi kulakwa, kutaya nthawi isanakwane ndi kulakwanso.

Funso lacinai ndilo lalikulu koposa: kodi dzina limene tasankha pa makina ndi la kasitomala woyeneradi? Pano ndikuuzeni zimene zinacitika kunja. Pa 5 Epulo 2022, kampani ya Atlassian ya ku Australia, imene imasungira mabungwe ambiri zolembedwa za nchito zao, inafuna kucotsa kapulogramu kena kakale. Gulu limodzi la anchito linapempha gulu lina kuti licotse, koma popereka manambala a zinthu zoyenera kucotsedwa, linapereka manambala a malo onse a makasitomalawo m'malo mwa manambala a kapulogramu kaja. Ndiponso cida cofafanizira cinali ndi njira ziwiri, ina yongoika cizindikiro kuti cinthu cidzacotsedwe pambuyo pake, ina yocotseratu nthawi yomweyo. Iwo anayendetsa yaciwiriyo. Makasitomala 775 anapeza kuti zinthu zao zasowa, ndipo ena anadikira pafupifupi masabata awiri kuti zibwezedwe. Cimene cinawapulumutsa ndi cakuti makope apadera analipo. Tsono taganizirani: ngati cofafanizidwa molakwika ndi kope lapaderalo, cotsala ndi ciani? Madzi akatayika saoleka. Ndico cifukwa cake m'nyumba zosungira zoyendetsedwa bwino, munthu mmodzi amakonza mndandanda wa zocotsa, wina amauwerenga ndi kubvomereza, ndipo pokhapo batani limadinidwa.

Mafunsowa akayankhidwa, nchito imayamba, ndipo ili ndi mayendedwe ake. Coyamba, amaimitsa ndandanda ya usiku kuti makina a ku Katete asatumizenso kope latsopano. Apo ai, munthu adzakhala akusesa pabwalo masamba akugwabe. Caciwiri, amatseka khomo la kasitomalayo ndi kudikira masiku amene anagwirizana m'pangano, kuti ngati pali coiwalika cikumbukike zinthu zikadalipo. Cacitatu, amalamula pulogramu yosungirayo kuti icotse makope a kasitomalayo, ndipo amakumbukira makope ena amene anatumizidwa ku nyumba ina kapena ku mzinda wina poopa moto. Comaliza, amacotsa dzina la kasitomala m'kaundula. Dzina limacoka pomalizira cifukwa ndilo cingwe comangira zonse; mukalidula poyamba, matumba atsala m'shedi opanda mwini. Pulogramu ya kampani ya IBM, imene kwa zaka zambiri inadziwika ndi dzina la Tivoli Storage Manager, imakana ndithu kucotsa dzina la kasitomala ngati makope ake akadalimo. Ndipo cenjezo lina ndi ili: munthu asalowe m'shedi yekha ndi kuyamba kutaya mafailo pamanja, kalaliki osadziwa. Akatero, kaundula adzapitiriza kunena kuti zinthu zilipo pamene kulibe, ndipo bodzalo lidzaululika tsiku latsoka, wina akadzafuna kubweza zake.

Tsopano tifike pamene ambiri amadabwa. Wanchito wafafaniza zonse, wayang'ana pa makina, koma malo sanaonjezeke ngakhale pang'ono. Kodi calakwika n'ciani? Kawirikawiri palibe calakwika. Zifukwa zake ndi zitatu, ndipo ndizifotokoza cimodzicimodzi.

Cifukwa coyamba cikhudza matepi. Inde, matepi akali pa nchito mpaka lero, pakuti ndi ochipa ndipo amasunga zambiri. Tepi ya mtundu wa LTO imene inatuluka m'caka ca 2000 inkalowa magigabyte 100, koma ya LTO-9, ya m'caka ca 2021, imalowa materabyte 18, ndiko kuti kuposa yoyamba ija ka 180. Pulogramu yosungira imalemba tepi motsatizana, kuyambira kumutu kunka kumcira, ndipo usiku umodzi ikhoza kuika pa tepi imodzi zinthu za alimi a ku Katete, za sukulu, ndi za cipatala. Za alimi zikafafanizidwa m'kaundula, pa tepipo pamatsala mipata imene singalembedwenso payokha. Zili ngati matumba khumi, lililonse lili ndi cimanga ca pansi pokha. Kuti mupeze matumba opanda kanthu, muyenera kukhuthulira cimangaco m'matumba awiri kapena atatu, ndipo otsalawo ndiwo mwapindula. Makina amacita cimodzimodzi: amakopera zotsala zamoyo pa tepi ina, ndipo tepi yakaleyo imabwerera pa mulu wa zopanda kanthu. M'pulogramu ya IBM ija, ngati woyang'anira sanasinthe muyeso wake, nchitoyi imayamba pamene magawo 60 mwa 100 a tepi asanduka mipata. Tepi imene sinafike pamenepo imakhala momwemo, ndipo zolembedwa za alimi zikali pa iyo ngakhale kuti m'kaundula zinafufutidwa. Wofuna kuti zicokeretu ayenera kulamula yekha kuti tepiyo ikhuthulidwe.

Cifukwa caciwiri cikhudza madisiki. Makina amakono ali ndi nzeru yosasunga cinthu cimodzi kawiri. Tinene kuti boma latumiza kalata imodzimodzi ku mabungwe 50, ndipo onsewo aisungitsa ku kampani ija. Makina amasunga kalata imodzi yokha ndi kulembapo maina 50. Amatero osati ndi makalata athunthu okha, komanso ndi tizidutswa ting'onoting'ono ta mafailo. Tsono bungwe la ku Katete likacoka, cimene cimacotsedwa ndi dzina lake pa kacidutswa kalikonse; kacidutswako kamatsala, pakuti ena 49 akukafunabe. Malo amene amabwerera ndi a tizidutswa tokhato timene tinali ta alimiwo okha, ndipo mwina ndi gawo laling'ono cabe la zimene zinkaoneka pa dzina lao. Ngakhale malo amenewo sabwera nthawi yomweyo. Pulogramu imakhala ndi nthawi yake yosesa, mwina kamodzi pa tsiku kapena pa sabata, pamene imayendera tizidutswa tonse ndi kutaya topanda dzina la mwini aliyense. Woyang'anira amene analonjeza akulu ake kuti kucotsa kasitomala mmodzi kudzapulumutsa ndalama zogulira madisiki atsopano, asanawerengere zimenezi, adzacita manyazi.

Cifukwa cacitatu cili m'kaundula mwenimweni. Kalaliki akafufuta mizere 1,000 m'buku lake, bukulo silicepa. Masamba ake ali omwewo. M'database yochuka ya PostgreSQL, imene mapulogramu ena osungira makope monga Bacula amaigwiritsa nchito, mzere wofafanizidwa sucoka pomwepo, umangoikidwa cizindikiro cakuti wafa. Pambuyo pake pamabwera nchito yoyeretsa, imene amati VACUUM, yokonza mizere yakufayo kuti polembapo zatsopano papezeke. Apa bukulo limaleka kukula kwa kanthawi, koma kawirikawiri silibweza malo ambiri ku disiki. Wofuna kuti licepedi ayenera kulamula VACUUM FULL, ndiko kukopera mizere yamoyo yokha m'buku latsopano ndi kutaya lakale. Nchito imeneyi ili ndi mtengo wake. Pamene ikucitika, gawo la kaundula limene likukopedwalo limatsekedwa, motero palibe angasunge kapena kubweza kanthu kodalira gawolo. Ciyenera kusankhidwa ndi nthawi imene makina ali cete. Ndiponso pafunika malo apadera oikapo buku latsopanolo lakale lisanatayidwe. Apa pali phunziro lowawa: amene adikira kufikira disiki itadzaziratu adzapeza kuti alibe ngakhale malo ocitira nchito yobweza malo. Nthawi zambiri nzeru ndi kungosiya mipata ija kuti makasitomala atsopano aidzaze, ndi kucita nchito yaikuluyo pokhapokha ngati malo afunikadi kwina. Ndipo musanayambe kukonza kaundula, lembani kope lake, pakuti kaundula akaonongeka, makasitomala onse alira tsiku limodzi. Kumbukiraninso kuti makope akale a kaundulayo akali ndi maina a mafailo a kasitomala wocokayo, kufikira nawonso nthawi yao itakwana.

Tatsala ndi mfundo imodzi, ndipo ndi imene ikhudza mwacindunji mlimi wa ku Katete amene citupa cake cili m'makopewo. Kufufuta m'kaundula si kuononga. Kompyuta ikati cinthu cafafanizidwa, kawirikawiri itanthauza kuti malowo ndi ololedwa kulembapo zina. Zolembedwa zakalezo zimakhalapobe kufikira zina zitalembedwa pamwamba pake. M'caka ca 2003, ophunzira awiri a pa sukulu ya ukacenjede ya MIT ku America, a Simson Garfinkel ndi a Abhi Shelat, anafalitsa zimene anapeza atagula madisiki akale 158 m'masitolo a zinthu zogwiritsidwa kale nchito ndi pa intaneti. Mwa madisikiwo, 129 anali ogwirabe nchito, ndipo 12 okha ndiwo anali oyeretsedwa moyenera. M'madisiki enawo anapezamo makalata a anthu, zolembedwa za kucipatala, ndi manambala a makadi a ku banki oposa 5,000. Ngakhale makampani akuluakulu amagwa m'dzenje lomweli. Mu Seputembala 2022, bungwe la boma la America loyang'anira misika ya ndalama linalipiritsa kampani ya Morgan Stanley madola 35 miliyoni. Kampaniyo inapatsa nchito yotaya makina ake akale kwa anthu onyamula katundu amene analibe luso loononga zolembedwa, ndipo ena mwa madisikiwo anakagulitsidwa pa intaneti zinsinsi zili momwemo. Anthu okhudzidwa anali pafupifupi 15 miliyoni.

Nanga cocita n'ciani? Bungwe la miyeso la boma la America, la NIST, linatulutsa malangizo pa nkhaniyi m'caka ca 2006, ndipo anthu a m'maiko ambiri amawatsata. Malangizowo, mmene anakonzedwera pambuyo pake, amagawa nchitoyi patatu, molingana ndi kulemera kwa cinsinsi ndi kumene cipangizo cikupita. Pali kulemba zina pamwamba pa zakalezo. Pali kuyeretsa kozama, kotero kuti ngakhale akatswiri okhala ndi zida zapadera sangabweze kanthu. Ndipo pali kuononga cipangizo ceniceni, pociphwanya, pocidula tizidutswa kapena pocisungunula. Disiki imene ikhalabe m'nyumba yosungiramo ndi kulandira makope a makasitomala ena siifuna nyundo. Koma imene ikutuluka pakhomo, kaya kukagulitsidwa, kaya kukatayidwa, isatuluke isanayeretsedwe.

Ilipo njira ina yanzeru, koma imafuna kuti munthu aiganizire pa tsiku loyamba, osati lomaliza. Ngati makope a kasitomala anabisidwa kuyambira paciyambi m'zilembo zosamveka, zotseguka ndi kiyi ya kasitomala yekhayo, ndiye kuti kuononga kiyiyo, pamodzi ndi makope ake onse, kumasandutsa zolembedwazo zinyalala zosawerengeka, kulikonse kumene zili. Njirayi imathandiza kwambiri pa matepi amene ali kutali, ndiponso pa makope amene anatsekedwa dala kuti asafafanizike nthawi yake isanakwane, poopa akuba a pa intaneti amene amaononga makope kuti alipiritse eni ake. Makope otsekedwa otero sangacotsedwe ndi munthu aliyense, ndipo cilungamo ndi kuuza kasitomala tsiku lenileni limene adzatha, m'malo momunamiza kuti zonse zapita.

Nchito yonseyi imatha ndi pepala. Woyang'anira alembe cimene cinacotsedwa, tsiku lake, amene analamula, amene anacita, njira imene anatsata, ndi zimene zatsala kudikira nthawi. Kope la pepalalo lipite kwa kasitomala. Kenaka ayese kubweza failo ya kasitomala wina amene akalipo, kuti atsimikize kuti posesa sanakokolole za anzake.

Mwina inu amene mukumvetsera simudzayang'anira makina akuluakulu otere. Komabe ambiri a inu muli m'makomiti a masukulu, a mipingo ndi a mabungwe a alimi, ndipo tsiku lina mudzaitanidwa kusaina pangano ndi kampani yosungira makope. Pa tsikulo musafunse za mtengo wokha. Funsaninso kuti: tikadzafuna kucoka, zinthu zathu mudzatibwezera motani? Mudzazifafaniza patapita masiku angati? Nanga makope amene ali ku nyumba ina? Kodi mudzatipatsa kalata yotsimikiza? Ndipo inu nokha, musanagulitse foni kapena kompyuta yanu yakale pa msika, cotsani kakadi kosungira zithunzi, tulukani m'maakaunti anu onse, ndi kubwezera cipangizoco mmene cinalili pocoka ku fakitale.

Mlimi wabwino amadziwika pokolola, komanso amadziwika posesa nkhokwe dzinja lisanathe, kuti mbeu yatsopano ipeze malo oyera ndipo anankafumbwe asatsalemo. Wosunga zinthu za anzake nayenso aweruzidwe pawiri: mmene anazisamalira zili m'manja mwake, ndi mmene anazitulutsira mwini wake atatsazika.